Ife okonda manovelo achikondi tikufuna chalenji yathuyathu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko kudzera m'nyuzipepala yathuyi pa nkhani imene ena aiona ngati yachibwana, koma kwa ine ndi anzanga angapo inasanduka mwambo wa chaka ndi chaka. Ndikunena za chalenji yowerenga mabuku, ija munthu amadziikira mu Januwale kuti pofika pa 31 Disembala akhale atamaliza mabuku akutiakuti. Ine ndine telala, ndimasoka madiresi a ukwati ndi zovala za pachinkhoswe, ndipo mabuku amene ndimawerenga ndi manovelo achikondi. Ndaneneratu poyera kuti wofuna kuseka asekeretu panopa, akatha tikambirane bwinobwino.

Nyimbo yakuti Amalawi sitiwerenga ndinayamba kuimva ndili mtsikana, ndipo mpaka lero sinathe. Amaiimba aphunzitsi, amaiimba olemba mabuku, nthawi zina mumaiimbanso inu a nyuzipepala. Koma oimbawo akamati kuwerenga amatanthauza mabuku a mayeso, mbiri za anthu otchuka ndi aja ophunzitsa njira zolemerera. Mayi amene wakhala pa benchi kuchipatala kudikira kuti aitanidwe, m'manja muli kabuku kojambulidwa mwamuna ndi mkazi atayang'anana m'maso, ameneyo samuona. Akamuona amati akutaya nthawi. Chonsecho mayiyo mwina amamaliza mabuku ambiri pa chaka kuposa bwana amene akumunyozayo, yemwe buku lake la utsogoleri lakhala pa tebulo la mu ofesi kuyambira chaka chatha, kapepala kosonyeza pomwe analekezera kali pa tsamba lomwe lija.

Ife amene tinadutsa ku sekondale zogonera konko m'zaka za m'ma 1990 sitinayambire pa foni. Tinayambira pa timabuku ta Mills & Boon, kampani imene Gerald Mills ndi Charles Boon anayambitsa ku London mu 1908, yomwe mu 1971 inagulidwa ndi Harlequin ya ku Canada. Za eni kampanizi ndinadzazidziwa nditakula. Nthawi imeneyo tinkangodziwa kuti kabuku kamodzi kamayenda hositelo yonse. Tinkakakuta ndi pepala la khaki n'kulemba pamwamba dzina la phunziro, kuti pa pulepu aphunzitsi akamadutsa aziona ngati tikulimbana ndi Biology. Panalinso mabuku a Pacesetters, amene a Macmillan anayamba kusindikiza mu 1977, olembedwa ndi anthu a mu Africa momwemuno, nkhani zake zochitikira ku Lagos, ku Nairobi ndi mizinda ina. Vuto linali limodzi: kabuku kakadutsa m'manja ambiri, masamba omaliza ankathothoka. Ndiye taganizani, mwawerenga usiku wonse ndi tochi pansi pa bulangeti, mwamunayo wathamangira ku bwalo la ndege kuti akaletse mkazi asananyamuke, mukutembenuza tsamba, n'kupeza chikuto basi. Tinkayenda chipinda ndi chipinda kufunsa kuti ndani anakawerenga kakadali kathunthu. Wamwayiyo ankakhala pabedi n'kumatifotokozera mathero, enafe titazungulira, ndipo mpaka lero ndimakayikira kuti ena mwa iwo ankangopeka.

Chalenji ndinaidziwira kwa mwana wa achemwali anga, yemwe anandiikira Goodreads, pulogalamu yolembamo mabuku amene munthu wawerenga, pa foni ataona mulu wa mabuku pansi pa tebulo lodulirapo nsalu. Goodreads inayamba mu 2007, a Amazon anaigula mu 2013, ndipo chalenji yake ya pachaka inayamba mu 2011. Kachitidwe kake n'kosavuta. Chaka chikangoyamba mumalemba nambala ya mabuku amene mukufuna kuwerenga. Ena amaika 12, limodzi pa mwezi. Ena 52, limodzi pa sabata. Olimba mtima amaika 100 kapena kuposa apo. Mukamaliza buku mumalichonga, kamzere kosonyeza pomwe mwafika kamasuntha, ndipo foni imakuuzani ngati muli patsogolo kapena mwatsalira. Palibe mphoto, palibe wobwera kudzaona ngati mwawerengadi. Mumalimbana ndi inu mwini. Koma kamzere kameneka kali ndi mphamvu yodabwitsa. Madzulo amene ndikanathera pa Facebook kuonera anthu akutukwanizana za ndale, ndimapezeka ndatenga buku chifukwa sindikufuna kamzereko kaime.

Amene anakonza kamzereka ankaganiza kuti miyezi yonse ndi yofanana. Kwa telala si choncho. Kuyambira Januwale mpaka Malichi anthu ali kumunda, ndalama zapita ku feteleza ndi fizi, palibe woganiza za diresi. Makina amangokhala atafundidwa chitenje, ine n'kumawerenga mvula ikugwa pa malata, foni n'kumandiyamikira kuti ndili patsogolo. Ikafika Ogasiti, anthu atagulitsa zokolola, maukwati amayamba, Loweruka lililonse mahutala m'misewu. Kuchokera apo mpaka Khirisimasi ndimagona ndi tepi m'khosi. Mkwatibwi wanenepa pang'ono diresi litatha kale, operekeza aliyense akufuna lake libwezedwe m'chiuno, amake a mkwati asintha maganizo pa mtundu wa nsalu Lachinayi madzulo. Pamenepo m'pomwe foni imayamba kundikumbutsa kuti ndatsalira. Mpata wokha umene ndimaupeza ndi pamene magetsi azima, chifukwa makina a ovaloko sayenda popanda magetsi. Anzanga a mashopu oyandikana nawo amadandaula, ine mumtima ndimati zikomo, n'kutulutsa kabuku m'kabati ya ulusi.

Mu Disembala aliyense wotsalira amathamangira mabuku aafupi, ndipo apa m'pomwe ife a zachikondi timanenedwa kuti timabera. Akuti timabuku ta Mills & Boon tambiri sitifika masamba 200, mawu ake amangokhala pafupifupi 50,000, pomwe mnzako akulimbana ndi chibuku cha mbiri yakale cha masamba 700 chimene chalenji imachitenga ngati chimodzi basi. Pa masamu amenewa ali ndi mfundo, sindikana. N'chifukwa chake ena anasamukira ku pulogalamu ina yotchedwa StoryGraph, imene anayambitsa Nadia Odunayo wa ku Britain mu 2019, komwe munthu angathe kudziikira nambala ya masamba m'malo mwa nambala ya mabuku. Koma zoti timabera zimandinyansa. Tikubera ndani, poti palibe chikho? Ndipo woganiza kuti buku lalifupi n'losavuta sanayesepo kulemba. Kusoka kadiresi ka mwana wonyamula maluwa kumafuna luso lomwe lija la diresi la mkwatibwi, mwinanso kuposa, popeza pa kanthu kakang'ono msoko uliwonse wokhota umaonekera. Wolemba kabuku kotere ayenera kuti m'masamba ochepawo anthu awiri akumane, akhale ndi chifukwa chomveka chowalepheretsa kukhala limodzi, chifukwacho chikule mpaka ziwoneke ngati zatheratu, kenaka chigonje mosakakamiza. Ndipo ine wowerenga, amene ndikudziwa kale kuti akhala limodzi, ndikhalebe mtima uli m'mwamba mpaka tsamba lomaliza.

Inde, ndimadziwa kale. Limeneli ndilo lamulo la mabuku a mtundu uwu, ndipo ngakhale bungwe la olemba la Romance Writers of America linalifotokoza momveka: chikondi cha anthuwo chikhale pakati pa nkhani yonse, ndipo mathero akhale okondweretsa. Buku limene mmodzi wamwalira kumapeto, likome motani, si lathu limenelo. Anthu amandifunsa kuti kukoma kwake kuli pati ngati mathero ukuwadziwa, ena amafika ponena kuti mabukuwa amatipusitsa amayi kuti tiziyembekezera zinthu zomwe kulibe.

Akonzi, mu shopu mwanga muli diresi loyera limene lakhala pa hang'ala nthawi yaitali ndithu, lokutidwa ndi pulasitiki kuopa fumbi. Mikanda ya pachifuwa ndinaisokerera ndi manja, umodziumodzi. Mwini wake analipira theka, anabwera kudzayeza kawiri konse akumwetulira, kenaka anangotumiza uthenga kuti ndisavutike kulimaliza. Sindinamufunse. Telala amamva zambiri ali ndi mapini pakamwa: za mwamuna amene anapita ku Joni n'kusiya kuimba foni, za apongozi amene akana mtsikana chifukwa cha mpingo wake, za mwana amene watulukira kwina sabata yoti chinkhoswe chichitike. Ndine mayi wamkulu, ndinakwatiwa, ndalera ana, ndaika abale m'manda. Palibe buku lingandipusitse pa nkhani ya amuna ndi akazi. Ndimawerenga ndikudziwa kuti kunjaku nkhani zambiri zimathera pa hang'ala, ndipo ndikatenga buku ndimafuna wolemba amene wandilonjeza chinthu pa chikuto n'kuchikwaniritsa.

Chalenji ya nambala ili ndi zoipa zake, ndipo ndizinene. Imakukakamiza kumaliza buku losakoma chifukwa wafika kale pakati ndipo ukufuna ulichonge. Imakuchititsa kuthamanga pamalo ofunika kuwerenga pang'onopang'ono. Kwa zaka zingapo inkatilanganso ife obwereza mabuku, chifukwa Goodreads inayamba kulola kuti buku lobwereza lilowe bwinobwino mu chalenji mu 2017. Okonda zachikondi timabwereza kwambiri. Pali mabuku amene ndimawatenga ndikadwala malungo kapena pakagwa zovuta pakhomo, ndipo sindifuna latsopano nthawi imeneyo.

Imene inandisinthadi si ya nambala ayi, koma ya timabokosi. M'malo mwa nambala amakupatsani mndandanda wa zoti mukwaniritse. Ya tsamba la pa intaneti la Popsugar, yomwe inayamba mu 2015, imakhala ndi zinthu pafupifupi 50 pa chaka. Ya tsamba lina la Book Riot, yotchedwa Read Harder, imakhala ndi 24, ziwiri pa mwezi. Amatha kunena kuti werengani buku lomasuliridwa kuchokera ku chinenero china, kapena lolembedwa ndi munthu wa kudziko lakutali ndi lanu, kapena limene mwini nkhani ali ndi ulumali. Ife a zachikondi tilinso ndi zathu. Ku Culver City, kufupi ndi Los Angeles, kuli sitolo yotchedwa The Ripped Bodice, yogulitsa manovelo achikondi okhaokha, imene anatsegula amayi awiri a mimba imodzi, Bea ndi Leah Koch, mu 2016. Chaka ndi chaka amatulutsa khadi la bingo, la timabokosi tochonga, loti muwerengere kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Kwawoko imeneyo ndi nyengo yotentha, anthu amawerengera m'mbali mwa nyanja. Kuno ndi chisanu, ndimawerenga nditafunda bulangeti, mbatata yootcha pambali.

Makhadi a bingo otere, amene tsopano magulu ambiri a owerenga amadzipangira okha, amakonda kutsata njira zimene ife timazidziwa pamtima. Adani a kuntchito amene amadzakondana. Awiri onamizira chibwenzi kuti makolo asiye kuwavutitsa, bodza n'kusanduka zoona. Amene anasiyana kalekale n'kukumananso pa ukwati wa mnzawo. Ukwati wongogwirizana chifukwa cha chuma cha masiye. Ndi ija yotchuka, yofika pa malo ogona alendo usiku mvula ikugwa n'kumva kuti chipinda chatsala chimodzi, bedi limodzi. Wosadziwa amati ndiye kuti mabuku onse ndi ofanana. Wodziwa amafuna aone kuti wolemba uyu bedi limodzilo achita nalo chiyani chimene mnzake sanachite. Ine ndimakonda ya obwererana, chifukwa anthu ake amakhala achikulire, ali ndi zipsera, ndipo kupepesa kwake sikukhala kwa maluwa chabe.

Kwa zaka zambiri ndinkawerenga anthu omwewo: mabwana olemera a ku Greece ndi ku Italy, mafumu a m'chipululu, madokotala ndi manesi a ku England. Atsikana onse a tsitsi lagolide ndi maso obiriwira. Sikuti ndinkasankha, koma ndi amene amafika pa kaunjika wa mabuku. Kabokosi kena katandituma kufuna wolemba wa mu Africa, m'pomwe ndinadziwa za Ankara Press, imene a Cassava Republic Press a ku Nigeria anayambitsa mu 2014 kuti azitulutsa manovelo achikondi a anthu akuda, okhala m'mizinda ya kuno kwathu, akazi ake odzidalira pa ntchito zawo. Mwa mabuku awo oyamba muli limodzi limene mwamuna wake ndi telala. Telala, Akonzi! Osati mwini ndege, osati kalonga. Ndinaseka ndekha mu shopu mpaka kasitomala anafunsa ngati ndili bwino. Nditabwerera ku timabuku takale tija, zina zinayamba kundiwawa m'maso: mwamuna wogwira mkazi pamkono mwankhanza, womupsompsona mokakamiza atakana kale, wolemba n'kumatiuza kuti chimenecho ndi chikondi chopitirira. Olemba ambiri a masiku ano anazisiya zimenezo, ndipo ndikakumana nazo tsopano ndimalitseka bukulo, kamzere kasunthe kasasunthe.

Komabe makhadi onsewa anakonzedwera anthu a kwina, ndipo zimaonekeratu. Kabokosi kakuti werengani buku limene latuluka chaka chino, ine ndilitenga kuti? Mavenda amene amayala mabuku pansi m'mbali mwa misewu ya Blantyre ndi Limbe amakhala ndi zimene zafika, zambiri zakalekale, ndipo kawirikawiri umapeza gawo lachiwiri la nkhani ya magawo atatu, loyamba ndi lomaliza osaoneka. Buku latsopano lochokera kunja linali lodula kale, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 linangosanduka loyang'ana pa galasi. Kugula pa intaneti kumafuna khadi la kubanki lolipirira ndalama zakunja, lomwe amayi ambiri a mabizinesi ang'onoang'ono tilibe. Kabokosi kena kamati mvetserani buku lowerengedwa ndi mawu, osaganiza kuti bandulo ingathe nkhani isanafike pakati. Kena kamafuna chikondi cha pa Khirisimasi ya chipale chofewa, pomwe Khirisimasi yathu ndi ya matope, mango ndi mpunga wa nkhuku. Ku laibulale ya National Library Service ndimapezako manovelo, ndipo ndimathokoza, koma munthu umatenga amene alipo, osati amene khadi la ku America lalamula. Zotsatira zake ambiri amathawira ku mabuku obedwa amene amayenda pa WhatsApp ngati ma PDF. Ndikumvetsa chifukwa chake, koma ine amene ndimadziwa kuwawa kwa kusoka usiku wonse kasitomala n'kuthawa osalipira, zimenezo sizindikhalira bwino.

Chachikulu chimene chandilembetsa kalatayi n'chakuti zambiri zimene amayi a kuno timawerenga sizilowa mu chalenji iliyonse. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp muli achinyamata amene akulemba nkhani zachikondi m'Chichewa, gawo ndi gawo, tsiku ndi tsiku. Ena amalemba ulere, ena amalipiritsa kangachepe kudzera pa foni kuti ulandire magawo otsatira. Nkhani imodzi imatha kutenga miyezi, ndipo mutati muisonkhanitse ingakwane buku lonenepa ndithu. Atsikana amene ndimawaphunzitsa kusoka sanagwirepo Mills & Boon, koma nthawi ya nkhomaliro aliyense maso ali pa foni, kenaka mkangano: uyu akuti mkaziyo amukhululukire, uyo akuti asayerekeze. Wolemba akachedwa kuponya gawo, amamusowetsa mtendere. Kalembedwe kake nthawi zina n'kothamanga, zilembo zolakwika, Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, ndipo ena amatalikitsa dala nkhani mpaka imasukuluka. Koma anthu ake ndimawadziwa. Amakwera minibasi, amakangana za lendi, amapita kukayezetsa magazi asanatomerane. Mukaimaliza nkhani yotere simungaichonge pa Goodreads, chifukwa m'kaundula wawo mulibe. Ndiye mtsikana amene wawerenga tsiku lililonse chaka chonse, pa chalenji ali pa ziro, ndipo oimba nyimbo ija amamuikanso m'gulu la osawerenga.

Ku Kano, kumpoto kwa Nigeria, kuyambira m'zaka za m'ma 1980 amayi akhala akulemba manovelo achikondi m'Chihausa, timabuku totsika mtengo togulitsidwa pamsika, tokamba za mitala, maukwati okakamiza ndi maphunziro a atsikana. Ananyozedwa, ena anawanena kuti akuwononga chikhalidwe, koma owerenga sanasiye kugula, ndipo lero anthu a m'mayunivesite amalemba za timabukuto. Ife kuno zofanana nazo zikuchitikira pa foni, zikumera ndi kufota popanda wozisunga. Foni ikabedwa kapena gulu likatsekedwa, nkhani yapita.

Ndikudziwa kuti amayi anzanga a kumpingo ena akugwedeza mutu. Mmodzi anandiuzapo maso ndi maso, atabwera kudzatenga yunifolomu yake, kuti mayi wa msinkhu wanga sayenera kusunga mabuku olaula. Ndinamuyankha mwaulemu kuti alipo otentha ndithu, sindibisa, ndipo amenewo sindiwasiya poti ana angawafikire. Koma alipo ambirinso amene chitseko cha kuchipinda chimatsekedwa wowerenga ali panja, ndipo a Harlequin omwewo ali ndi gulu la mabuku lotchedwa Love Inspired, la nkhani zachikondi za anthu opemphera, mopanda chilichonse chochititsa manyazi. Munthu wamkulu amasankha. Ndinamubwereka limodzi la oterewa. Analibweza patapita sabata osanena kanthu, n'kufunsa ngati pali lina.

Amuna nawonso asanamizire. Wometa tsitsi wina woyandikana nane amabwera kudzabwereka, akuti n'za akazi ake. Tsiku lina pobweza anandiuza mokwiya kuti mwamuna wa m'bukumo ndi chitsiru, akanangonena zoona pachiyambi pomwe zonsezi sizikanachitika. Sindinamufunse kuti wadziwa bwanji.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi ili. Kumayambiriro kwa chaka tisindikizireni khadi lathulathu la chalenji, m'Chichewa, loti munthu adule ndi lumo n'kumata pakhoma. Timabokosi tisachuluke, 12 takwana, ndipo musatimangirire ku miyezi, kuti mlimi awerenge akakolola, telala awerenge nthawi ya mvula. Nkhani ya pa foni imene munthu waitsatira mpaka kumapeto ilowe. Nthano zazifupi zimene inu mumasindikiza, munthu akawerenga zingapo, zilowe. Buku lobwereka, buku lobwereza, buku limene mwawerengera agogo amene maso anafooka, zonse zilowe. Pakhale kabokosi ka buku la Chichewa kapena chinenero china cha m'dziko muno, ndi kena ka buku limene mwagula kwa wolemba wa kuno ndi ndalama zanu, kuti nawonso adyepo.

Ndipo musachite manyazi kuikapo timabokosi ta zachikondi, tochokera m'moyo wathu. Mabuku a kunja amavutika kupeka chifukwa cholepheretsa anthu awiri kukwatirana, mpaka amachita kubweretsa kuiwala zonse chifukwa cha ngozi ya galimoto. Ife zifukwa tili nazo zochuluka, zenizeni. Mnyamata wa kumpoto, kwa malobolo, wakonda mtsikana wa ku Mulanje kumene mwamuna amakakhala chikamwini, ndipo mbali iliyonse ikuti mwana wathu sapita. Ankhoswe awiri, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi, onse ofedwa, amene atopa ndi kuyanjanitsa banja la ana awo mpaka ayamba kudikirana okha. Namwino wotumizidwa kumudzi ndi mphunzitsi amene amamubwereka njinga. Mayi wa geni amene wabwerera ku sukulu yamadzulo n'kupeza kuti wokhala naye desiki ndi uja anamukana ali mtsikana. Wobwera kuchokera ku Joni chimanjamanja, n'kupeza amene anamusiya uja ali ndi golosale yakeyake. Mukaika zotere pa khadi, owerenga adzazifunafuna, ndipo achinyamata olemba pa foni aja akadzaona kuti pali ozifuna, adzazilemba. Mwinanso a Malawi Writers Union ndi osindikiza mabuku angaone kuti pali msika umene akhala akuudutsa.

Mphoto sitikufuna, ingabweretse mabodza. Chimene mungachite ndi kupatula kadanga kamodzi pa mwezi kuti owerenga alembe mizere ingapo za chimene amaliza ndi kumene anachipeza, kuti wa ku Karonga adziwe zimene wa ku Nsanje akuwerenga. Ine ndi anzanga tili kale ndi kope lachikuto cholimba limene timalembamo wobwereka, tsiku ndi dzina la buku, chifukwa mabuku achikondi akabwerekedwa amakonda kukwatiwa konko. Khadi lanu likatuluka tidzalimata mkati mwa chikuto cha kopelo, lina pakhoma pafupi ndi galasi loyezera, pomwe akwatibwi amaima nthawi yaitali ine ndikulunga mapini.

Ine wanu,
Telala wokonda kuwerenga,
Limbe